Mapanga awiri: mmene tinatsekera makadi akale ku SACCO yathu

Amayi ena amasiye a ku Chamama anafika ku ofesi kwathu Lolemba lina m'mawa, kabuku kawo atakakulunga m'jumbo ya shuga. Ankafuna atapeko ndalama zoti akalipirire mwana fizi ku sekondale. Mtsikana wa pa kauntala atayang'ana pa kompyuta anawauza kuti ndalama zomwe zilimo sizikukwana. Amayiwo sanakweze mawu. Anangomasula jumbo ija, n'kutsegula kabuku, n'kuika chala pamene panali chidindo chathu ndi saini ya kashiya wathu. Kabuku kankanena zina, kompyuta zina. Titakasolola khadi lawo m'kabati, nalonso linali ndi nambala yakeyake.

Anandiitana. Amayiwo anandiyang'anitsitsa, kenako anafunsa modekha: "Ndiye abwana, pa zitatuzi ine ndigwire chiti?"

Ine ndine manijala wa SACCO imeneyo, bungwe la mamembala losunga ndi kubwereketsa ndalama, pa boma la Kasungu, ndipo tsiku limenelo kukamwa kunandiuma. Apa n'kuti patapita miyezi yambirimbiri chiyatsireni makompyuta, ndipo m'malipoti anga onse opita ku bodi ndinkalemba chiganizo chimodzimodzi, choti ntchito yosintha kasungidwe ka mabuku ikuyenda bwino.

Ndikulemba izi chifukwa cha inu amene mwasenzetsedwa ntchito yosintha kayendetsedwe ka zinthu pamalo panu, kaya ndi pasukulu, ku kopaletivu, kumpingo kapena pa kampani. Ku maphunziro onse amene ndinapitako anatiphunzitsa kayambidwe: kukopa anthu, kupanga bajeti, kukonza mwambo wotsegulira. Za kumaliza palibe anatchulako. Ine ndinadzaphunzira mochedwa, ndi manyazi omwe, kuti chatsopano sichikhazikika pokhapokha wina atalimba mtima n'kutseka chakale.

SACCO yathu ndi ya anthu osakanikirana: aphunzitsi, alimi a fodya ndi soya, amayi a geni, ndi anyamata angapo a kabaza. Kuyambira kalekale membala aliyense anali ndi kabuku kake koyenda nako, ife tili ndi khadi lake m'kabati, ndipo madzulo zonse zinkalowa mu leja yaikulu. Njira imeneyi inatisunga zaka zambiri, sindiinyoza ayi. Koma mamembala atachuluka inayamba kutilemera. Chikhazikitsireni lamulo la ma SACCO la 2011, mabungwe ngati athu amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, ndipo malipoti amafunika pa nthawi yake. Ife kuti tiwonkhetse lipoti limodzi ndi kakyuleta tinkachezera mu ofesi. Membala wa ku Nkhamenya ankalipira minibasi kupita n'kubwera kuti adzasunge ndalama yongofanana ndi thiransipoti yakeyo, pomwe pa msika wakwawo ma ejenti a Airtel Money ndi Mpamba ali mbwee. Anzathu ena a mu MUSCCO, bungwe lalikulu la ma SACCO m'dziko muno, anali atasintha kale. Bodi inavomera, tinasankha komiti ya anthu asanu yoyendetsa ntchitoyi, tinagwirizana ndi kampani ina ya ku Lilongwe, ndipo kumapeto kwa 2021 makompyuta anayaka. Kunali ma T-sheti, Fanta ndi zolankhulalankhula.

Tinagwirizana kuti kwa miyezi itatu tiziyendetsa zonse ziwiri, makadi ndi kompyuta, kuti tione ngati zikufanana. Nzeru imeneyi ndi yabwino. Tinaphonya pamodzi pokha: sitinalembe tsiku losiyira makadi, ndiponso sitinatchule munthu amene adzalamule kuti basi zakwana.

Mu Januwale 2022 kunabwera namondwe Ana, n'kuwononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire. Dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, magetsi n'kuyamba kuzima maola ambirimbiri pa tsiku. Chifukwa chosasiyira makadi chinapezeka, chenicheni ndithu, choti aliyense ankachiona ndi maso. Magetsi akazima kashiya ankalemba pa khadi ndi m'kabuku, kuti akayaka adzalowetse mu kompyuta. Kenako tinagula sola, mabatire ndi inveta, vuto la magetsi mu ofesi n'kutha. Makadi sanathe. Chifukwa chija chinali chitafa kalekale, ife tikuchiberekabe kumsana.

Nkhani ya amayi a ku Chamama titaifufuza sinali yovuta. Ndalama ina anasunga tsiku lomwe magetsi anali atazima: inalembedwa m'kabuku ndi pa khadi, koma mu kompyuta sinalowe. Ndalama ina mwana wawo wa ku Lilongwe anawaikira kudzera pa foni: inalowa yokha mu kompyuta, khadi ndi kabuku osamva. Ndiye panali kachopereka ka pachaka komwe kanadulidwa pa khadi, koma m'kabuku ayi chifukwa mwiniwake sanabwere mwezi umenewo. Palibe anaba. Amayiwo tinawapatsa ndalama zawo tsiku lomwelo, n'kuwapepesa.

Usiku wake tulo sitinabwere. Ndinadzifunsa funso limene ndinkalizemba: kodi ndani akupindula ntchitoyi ikapanda kutha? Yankho linali lochititsa manyazi, chifukwa pafupifupi tonse tinalimo. A komiti ankalandira alawansi pa msonkhano uliwonse, ndipo misonkhano siitha ntchito isanathe. Inenso envulopu ndinkasainira nawo. A kampani anali atalandira gawo lalikulu la ndalama zawo, maso ali kwa makasitomala ena. Ogwira ntchito ankadziwa kuti akalakwitsa pa kompyuta khadi liwawombola, akalakwitsa pa khadi mlandu aukankhira kompyuta. Ndipo ine ndinkadziwa pansi pa mtima kuti tsiku lotseka makadi ndi tsiku lomwe zosemphana zonse zidzayalukire poyera, woyankha n'kukhala ine.

Ndinakaulula zonsezi ku komiti yoyang'anira, ija yosankhidwa ndi mamembala kuti izitiunika tonse, ndi bodi yomwe. Wapampando wake anali mayi wina wopuma pa uhedi. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kungoti, "Amanijala, mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani limodzi mvula isanagwe." Mayi ameneyu ndi amene anandigwira mkono ku bodi. Ngati muli pa ntchito yotere, mufuneni munthu wa mtundu umenewu, amene alibe alawansi yoti aziteteza ndipo a tcheya amamuopako pang'ono.

Tinayamba n'kulemba pa pepala limodzi tanthauzo la mawu akuti "tamaliza." Zikumveka zachibwana, koma titafunsana mu komiti, aliyense anali ndi kumaliza kwakekwake. Wina ankati tinamaliza kale tsiku la ma T-sheti lija. Wina ankati tidzamaliza mamembala onse akadzayamba kusunga pa foni, zomwe tikanadikira mpaka Yesu adzabwere. Tinamangana pa zinthu zochepa zooneka ndi maso: balansi ya membala aliyense ikhale imodzi ndipo mwiniwake aisainire, pasapezekenso khadi lolembedwa mwatsopano, lipoti la ku Reserve Bank lituluke mu kompyuta popanda kakyuleta, ogwira ntchito azitha kutseka tsiku ndi mwezi osaimbira foni a kampani. Zina zonse zokoma m'khutu, monga kufunsira ngongole pa foni, tinazichotsa n'kuziika pa pepala lina la zam'tsogolo. Ena anang'ung'udza, poti zimenezo ndi zomwe tinalonjeza pa mwambo paja. Koma munda womangouwonjezera mizere tsiku ndi tsiku suumaliza kupalira.

Tsiku lotsekera tinalisankha potsata kalendala ya mamembala, osati yathu. Nyengo ya msika wa fodya, mabelo akugulidwa ku Chinkhoma, ofesi imadzaza moti sungayeserepo chilichonse. Januwale ndi wa fizi ndi feteleza wobereketsa. Tinasankha tsiku lomaliza logwira ntchito mu Disembala 2022, kuti chaka chatsopano cha mabuku chiyambe ndi njira imodzi. Bodi inalemba m'maminitsi, a tcheya n'kusaina.

Ntchito yaikulu inali yofananitsa mabalansi, membala mmodzimmodzi. Apa palibe chidule. Tinasindikiza sitetimenti ya aliyense, tinalongedza makadi m'zikwama, n'kumawatsatira mamembala komwe ali pa masiku a msika: Santhe, Chamama, Mtunthama, Nkhamenya. Inali nthawi ija mafuta ankasowa, magalimoto akugona pa mizere m'malo omwetsera, ndiye maulendo ena tinayenda pa matola, ena pa kabaza, chikwama cha makadi chili pamiyendo. Tinkakhala m'kalasi kapena pansi pa mtengo wa mango, membala n'kubwera ndi kabuku kake ndi chiphaso cha unzika. Ziphaso zija tinalembetsa mu 2017 zinatithandiza kwambiri. Tinapeza amayi ena ali ndi ma akaunti awiri, ina ya dzina la kwawo, ina ya dzina la amuna awo. Tinapeza ma akaunti a anthu omwe anatisiya, masheya awo abale osawadziwa n'komwe. Zitatu zija zikafanana, membala ankasaina kapena kudinda chala pa sitetimenti, ife n'kulemba mzere wofiira pansi pa khadi lake.

Zikasemphana, lamulo lomwe bodi inavomereza linali ili: ngati m'kabuku muli chidindo chathu ndi saini yathu, ndipo ife tilibe umboni wotsutsa, membala wawina, chotayikacho chigwere bungwe. Lamulo limeneli linadyako phindu la chaka chimenecho, ndipo a msungichuma a bodi anandikwiyira masabata angapo. Mpaka lero ndimaona kuti linali loyenera. Ndalama yotayika imabwerera chaka chinacho. Koma mbiri yoti SACCO ikukana chidindo chake chomwe ikanafika ku Chamama ife tisanakwere n'komwe kabaza.

M'kati mwa ntchitoyi tinapezanso chimene ndinkaopa. Mnyamata wina mwa ogwira ntchito anali ataona mpata wa pakati pa khadi ndi kompyuta, n'kumadzibwereka ndalama za mamembala mwakachetechete, zina akumabweza mwezi ukatha. Nkhani yake inatsata ndondomeko ya bungwe, anabweza, anachoka. Sindikufuna kuikulitsa. Ndaitchula kuti mudziwe kuti nthawi yoyendetsa njira ziwiri chitseko chimakhala chongotsamiritsa, ndipo ife tinachisiya chomwecho chaka chathunthu.

Munthu amene ndinamulakwira kwambiri pa ulendo wonsewu ndi kashiya wathu wamkulu, bambo amene anayamba ntchito ine ndili ku pulayimale. Iwo ndi amene ankasunga makiyi a kabati ya makadi, ndipo kulemba kwawo kunali kokongola ngati kosindikiza. Kompyuta yawo inkakhala yovundikira ndi kansalu ngati wailesi ya pabalaza. Ku bodi ndinawatchulapo kangapo kuti ndi amene akubwezera ntchito m'mbuyo.

Tsiku lina nditaweruka ndinabwerera kudzatenga chaja yomwe ndinaiwala, n'kuwapeza okhaokha mu ofesi, babu limodzi likuyaka. Anali atavundukula kompyuta ija, magalasi ali pamphuno, akusakasaka zilembo ndi chala chimodzi. Pambali panali kope la ana asukulu momwe ankalembamo chilichonse motsatana: dinani apa, dikirani, lembani nambala, dinani apo. Atandiona anatseka kope lija msangamsanga ngati mwana wopezeka akunyambita shuga.

Ndinakoka mpando. Tinakhala chete kanthawi, kenako anati, "Amanijala, ine kwanditsalira zaka ziwiri kuti ndipume. Makadiwa akapita, ndikhala wa chiyani pano? Ndipo masana ndingafunse bwanji kwa mwana wa msinkhu wa mwana wanga, mamembala ali pa mzere akuonerera?"

Chaka chonse ndinkalimbana ndi munthu wouma mutu amene kunalibe. Amene analipo anali bambo woopa kuchotsedwa ntchito penshoni ili pakhomo, ndiponso woopa kusekedwa. Ndinati, "Bambo, ndinakulakwirani." Mawa lake ndinapempha bodi kalata yosainidwa yowatsimikizira kuti ntchito yawo ndi malipiro awo sizikhudzidwa. Mawu apakamwa sakanakwanira, poti anali atawamva kale pa mwambo uja. Kenako tinawapatsa utsogoleri wa ntchito yofananitsa mabalansi, ndipo kunena zoona panalibe wina akanaitha. Ankadziwa membala aliyense, mudzi wake, ngakhale chaka chomwe fodya wake anabwezedwa ku okushoni. Ankangoliyang'ana khadi n'kunena kuti apa analemba ndi uje, tsiku limeneli ine ndinali ku maliro, kasakeni buku la malisiti la mwezi wakutiwakuti. Zosemphana zambiri anazitulukira ndi iwo. Za kompyuta tinkaphunzira awiriwiri, Loweruka, chitseko chili chotseka.

Ku mbali ya kampani, chomwe chinatipulumutsa n'chakuti gawo lomaliza la malipiro tinali tisanapereke. Ndalama yomaliza musamaipereke tsiku la Fanta. Tinawalembera mndandanda wa zotsala, chilichonse ndi tsiku lake, ndipo anabwera. Ndinaumirira kuti pasiwedi yaikulu ikhale m'manja mwathu, mu envulopu yomata, mu sefa. Ndinaumiriranso kuti tizikhala ndi kope la zonse za mamembala athu losungidwa kunja kwa ofesi, ndipo ationetse kuti kopelo limagwiradi ntchito. Tinatenga laputopu yopanda kanthu, iwo n'kubwezeretsamo zonse ife tikuona, kenako tinayang'ana ma akaunti angapo osankha mwachisawawa. Tsiku loyamba zinakanika. Bola zinakanika tsiku loyesa. Panalinso ndalama ya pachaka, yomwe mu kontirakiti inkawerengedwa pa dola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, bilu inadzikwerera yokha. Vuto linali lathu, tinasaina osawerenga bwino. Tinakambirana mpaka anavomera mtengo wa makwacha wounikidwa kamodzi pachaka. Mu Novembala 2023, kwacha itagwanso ndi 44 peresenti, a msungichuma aja anandiimbira foni kudzangoseka.

Mamembala tinawaitanira msonkhano wapadera, chifukwa kabuku kanali kawo, sitikanangowalanda. Kumeneko kunali moto. Mdala wina wolima fodya anaimirira, chipewa chili m'manja: "Inu a ofesi, kabukuka ine ndimatsamira pogona. Nanga kompyuta yanuyo ikadzapsa, ndalama zanga zidzapsera momwemo?" Anthu anaomba m'manja. Sindinayankhe ine. Anaimirira ndi kashiya wamkulu aja, n'kufotokoza za laputopu yopanda kanthu ija monga anaionera okha, n'kuwonjezera kuti makadi awowo, moto ukanabuka mu ofesi, akanapsa onse usiku umodzi popanda pena pokaonera. Kwa iwo anthu anamva. Ndikananena ine akanati ndikutsatsa malonda. Tinalonjeza uthenga wa pa foni nthawi iliyonse ndalama ikalowa kapena kutuluka, ngakhale pa foni ya mabatani, komanso sitetimenti yosindikiza yaulere miyezi itatu iliyonse kwa wofuna pepala. Timabuku sitinalande. Tinangodinda tsamba lomaliza kuti katsekedwa, mwini n'kubwerera nako kwawo.

Lachisanu lomaliza la Disembala, titatseka kauntala, tinamanga makadi m'mitolo potsata manambala n'kuwaika m'makatoni, a komiti yoyang'anira akusaina pa selotepi. Mtolo womaliza anamanga ndi kashiya wamkulu, ndi manja awo. Sitinawotche kanthu, chifukwa ma odita amafuna zakale, ndiponso mlandu ukhoza kubuka patapita zaka. Chimene tinachotseratu mu ofesi ndi makadi osalemba ndi timabuku tatsopano tomwe tinatsala. Zimenezi zinakatsekeredwa kwina, kiyi n'kukhala ndi mayi opuma pa uhedi aja. Khadi losalemba likakhala pafupi ndi dzanja, tsiku lovuta limalembedwa basi. Mu kabati ija tinaikamo makapu, masamba ndi shuga.

Tsiku lovutalo silinachedwe. Sabata yachiwiri ya Januwale, mzere wa fizi utafika pakhonde, netiweki inagwa kuyambira m'mawa. Mtsikana wa pa kauntala anabwera akunong'ona: "Abwana, bwanji tingotenga makadi lero lokha?" Lero lokha limeneli ndi lomwe linatidyera chaka. Mwamwayi njira ya tsiku lotere tinali titaikonzeratu. Mu sefa munali buku limodzi la malisiti a manambala, la kaboni. Osunga ndalama ankalandira lisiti. Otapa ankapatsidwa mosapyola malire ena, potengera mndandanda wa mabalansi womwe tinkasindikiza madzulo alionse. Ndipo palibe woweruka mpaka lisiti lililonse litalowa mu kompyuta tsiku lomwelo.

Cha m'ma 11 koloko a tcheya anaimba. Mnzawo wina, munthu wodziwika pa boma, ankafuna ndalama yopyola malire aja. "Amanijala, tangosololani khadi lake mumuthandize, munthu akufulumira."

"A tcheya, khadi lawo lili mu katoni, ndipo maminitsi otseka makadi munasaina ndinu. Netiweki ikangobwera ndiwaimbira ndekha."

Manja ankanjenjemera. Anadula foni osatsanzika. Netiweki inabwera cha m'ma 2 koloko, munthu uja analandira ndalama zake, ife tinaweruka kutada. Ogwira ntchito onse anaimva foni ija, ndipo chichokereni tsiku limenelo sindinamvenso wina akutchula makadi.

Kunatsala kuthetsa komiti, ndipo ndikuuzeni, izi zinavuta kuposa kumata makatoni. Ena anayamba kunena kuti komiti ikhalepobe kuti iziona mmene zikuyendera. Komiti yotere siifa. Tinalemba lipoti lomaliza la masamba ochepa, lonena zomwe tinalonjeza, zomwe zachitika, ndalama zomwe tinagwiritsa ntchito poyerekeza ndi bajeti, ndi zomwe zinalephereka. Zolepherekazo tinazilemba mosabisa. Ngongole za pa foni sizinatheke. Osunga kudzera pa foni anali ochepa kuposa mmene tinkayembekezera, makamaka alimi, ena chifukwa cha ndalama yodulidwa potumiza, ena chifukwa amangokonda kubwera pa boma kudzationa nkhope. Ndipo miyezi itatu ija inasanduka chaka chathunthu. Chotsala chilichonse tinachipatsa mwini wake, munthu wa udindo wa masiku onse: akauntanti atenge za malipoti ndi kope la madzulo, wa ngongole atenge zake, za kontirakiti zikhale pa ine. Ndondomeko za pa kauntala tinazilemba m'Chichewa, zambiri tikukopera mu kope lija la kashiya wamkulu, poti linali lomveka kuposa chibuku cha Chingerezi chomwe chinabwera ndi makompyuta. Bodi inalemba m'maminitsi kuti komiti yathetsedwa. Tinadyera limodzi nsima ya nkhuku ya lokolo, aliyense analandira kalata yothokoza, ndipo madzulo ake ndinatseka gulu lathu la pa WhatsApp. Mmodzi sanandipatse moni mwezi wathunthu.

Ma odita atamaliza ntchito yawo, ndinatenga tchuthi cha masabata awiri n'kupita kumudzi, mwadala pa nthawi yotseka mwezi. Foni ya ku ofesi inalira kamodzi kokha, ndipo ankafunsa komwe ndinaika makiyi a njinga yamoto.

Pali chimodzi chomwe sichinatsekeke. Panatsala kagulu ka mamembala amene sitinawapeze kuti asainire. Ena anapita ku Joni, ena anali matenanti a m'maesiteti a fodya omwe anabwerera kwawo ku Mulanje ndi ku Thyolo, ena mwina anatsogola. Ndalama zawo zili mu kompyuta, aliyense pa dzina lake, ndipo makadi awo opanda mzere wofiira ali mu envulopu yapayokha. Kashiya wamkulu aja atapuma anapempha kope la mndandandawo. Amayenda nalo m'thumba la jekete ku maliro, ku misika ndi ku mapemphero. Mwezi wathawu anandiimbira ali ku Santhe, phokoso la msika likumveka kumbuyo, kuti apeza mchemwali wa munthu wa nambala 14 pa mndandanda uja, ndipo abwera naye Lachinayi atatenga chiphaso.